KUPHUNZITSA ANA A SUKULU CIFUNDO PA KHOMO PA MAKOLO AO

Mau amene ananenedwa pa Msonkhano Waukulu wa pa Caka, pamaso pa mafumu ndi mamembala a Bungwe



Nkhani imene yaikidwa pamaso pa msonkhano uno ndi ya ana ang'ono amene angoyamba sukulu, a zaka 6 kufikira 10, ndiponso ya cinthu cimodzi cimene mphunzitsi sangathe kucilemba pa bolodi, ndico cifundo. Mwana akalephera masamu makolo amadziwa msanga, pakuti pepala la mayeso limafika pa khomo. Koma mwana akamakula ndi mtima wouma, wosamva kanthu poona mnzace ali m'mabvuto, palibe pepala limene limabwera kudzauza makolo. Iwo amadzazindikira patapita zaka zambiri, pamene akalamba nagona pa mphasa, ndipo mwana amene anamgulitsira mbuzi kuti aphunzire akudutsa pa khomo osafunsa kuti adzuka bwanji.

Cifukwa cace nkhaniyi si ya aphunzitsi okha ai, koma ya banja liri lonse limene liri ndi mwana wonyamula kope m'mawa. Mfundo yace ndi imodzi: mwana saphunzira cifundo pakumva malangizo, koma pakupatsidwa nchito yeniyeni yothandiza munthu weniweni, naona ndi maso ace m'mene munthuyo aliri, wamkulu ali pambali kumfotokozera cimene akuona.

ULEMU NDI CIFUNDO

Makolo a dziko lino ndi akatswiri pa kuphunzitsa ulemu. Mwana asanayambe sukulu amadziwa kale kulandira cinthu ndi manja awiri, kugwada popereka madzi kwa akulu, ndi kupatuka m'njira pokomana ndi nkhalamba. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a dziko lino, analemba m'buku lace la 1959 lochedwa Children of Their Fathers za khama limene makolo anali nalo pophunzitsa ana ulemu ndi kudziletsa. Zimenezi nzabwino, ndipo siziyenera kutayidwa.

Komatu ulemu uli ndi malire ace. Ulemu umayang'ana kumwamba, kwa akulu amene ali ndi mphamvu ya kulanga kapena kuyamika. Cifundo cimayang'ana pambali ndi pansi, kwa anzace a mwanayo ndi kwa ofooka amene sangamcite kanthu. Mwana yemweyo amene wagwada bwino pamaso pa amalume ace m'mawa angathe, dzuwa lisanafike pamutu, kutsogolera anzace kuseka mnzao wacibwibwi kufikira atalira. Makolo a mwana wotere akamva mbiriyo amadabwa, nati, "Komatu kuno kwathu ngwaulemu." Sakunama, koma anamphunzitsa mbali imodzi yokha.

Cifundo ciri ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi kuona: kuzindikira pa nkhope ya munthu, pa mayendedwe ace kapena pa kukhala cete kwace kuti sali bwino. Yaciwiri ndi kumva: mtima kuwawa monga ngati cinthuco cagwera mwini wace. Yacitatu ndi kucita: kunyamuka ndi kumlandirako katundu mnzaceyo. Woona koma osamva amasanduka wojeda anzace, ndipo womva koma osacita amangopukusa mutu napitirira ulendo wace. Mwana ayenera kuphunzira zitatu zonsezi pamodzi.

MBEU IRIPO KALE

Makolo asaganize kuti akudzala cinthu cacilendo m'mtima mwa mwana. M'caka ca 2006, ku Leipzig m'dziko la Germany, akatswiri awiri a za maganizo a ana, Felix Warneken ndi Michael Tomasello, anafalitsa zimene anapeza poyesa ana a miyezi 18. Munthu wamkulu anali kuyanika nsaru pa cingwe, nagwetsa kopanira kace ngati mwangozi, natambasula dzanja osakafikira. Ana ambiri, amene anali asanadziwe ndi kulankhula komwe, ananyamuka nakatola kanthuko nampatsa, popanda wowauza. Koma munthuyo akakataya dala, anawo sanali kusamala. Izi zisonyeza kuti mwana wamng'ono kwambiri amatha kuzindikira kuti wina akusowa thandizo, ndipo mtima wace umamtuma kukathandiza.

Tsono mbeu iripo kale. Nchito ya makolo ndi ya mlimi: kupalira, kubandira, ndi kuona kuti udzu usaiphe. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo zaka zoyamba za sukulu ndiyo nyengo imene mmerawo umayesedwa.

PA CIPATA CA SUKULU

Kufikira tsiku limene ayamba Sitandade 1, mwana amakhala pakati pa abale ace, anthu amene amamdziwa ndi kumkonda. Pa sukulu amakomana ndi khamu. M'caka ca 1994, pamene boma linacotsa malipiro m'sukulu za pulaimale, ciwerengero ca ana cinakwera kucoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo si cacilendo kupeza ana opitirira 100 m'kalasi imodzi ya ang'ono. Mphunzitsi mmodzi, ngakhale akhale wakhama cotani, sangathe kuona zonse zocitika pakati pa ana ocuruka cotero.

M'khamu limenelo muli mwana wamasiye amene akusungidwa ndi agogo ace; muli wobwera ndi mimba yopanda kanthu; muli wotsimphina; muli wolankhula cinenero cina amene sakumva zimene anzace akunena; muli wa khungu lacialubino, amene dzuwa limamuocha ndipo maso ace saona bwino za pa bolodi. Mwana wa zaka 6 ayenera kusankha yekha, popanda amace pafupi, ngati adzaseka pamodzi ndi oseka kapena adzasendera kuti mnzaceyo akhale kutsogolo. Cimene adzasankha anacitenga kwao. Ndipo kusankhako sikocepa, pakuti mwana wosekedwa tsiku ndi tsiku amayamba kujomba, ndipo wojomba sacedwa kuleka sukulu.

CIMENE CINATAYIKA NDI CIDYERANO

Kale mudzi unali kuphunzitsa cifundo popanda wina kukhala pansi kuti aphunzitse. Kunali cidyerano, pamene mabanja a pa mudzi anali kutulutsa nsima ndi ndiwo zao nadyera pamodzi, amuna paokha, amai ndi ana paokha, kotero kuti nyumba imene sinasonkhe moto tsiku limenelo inali kudya nao osacita manyazi. Mwana wokhala pa mbale yotere anali kuphunzira kuyang'ana dzanja la mnzace, kucepetsa mbamu yace poona kuti nsima ikutha, ndi kusiyira wamng'ono nthongo yotsiriza. Elias Mandala, wolemba mbiri wa dziko lino, anafotokoza za mwambo umenewu ndi kutha kwace kucigwa ca Shire m'buku lace la 2005 lochedwa The End of Chidyerano.

Koma mbiri iphunzitsanso kuti mwambo wokha sukwanira. Pa njala ya 1949, mvula itadula pakati pa dzinja, anthu a m'boma la Blantyre anasauka kwambiri. Megan Vaughan, amene anafunsa amai okumbukira nyengoyo nalemba buku m'caka ca 1987, anapeza kuti njala itakula kugawana cakudya pakati pa abale kunacepa, ndipo amuna ambiri anacoka osabweranso, kusiya akazi ndi ana. Amene anasauka koposa anali okalamba, ana ang'ono ndi amai osiyidwa, ndiwo anthu amene analibe cobwezera. Cifundo cimene ciri pa mwambo pokha cimathyoka tsiku la mphepo. Cofunika ndi cimene cazika mizu m'mtima mwa munthu.

Masiku ano mabanja ambiri, makamaka m'matauni, amadya ali yense m'nyumba mwace, kuseri kwa mpanda wa njerwa, ndipo mwana angathe kukula osadziwa ngati nyumba yoyandikana nayo yagona ndi njala. Cimene mudzi unali kuphunzitsa wokha, tsopano banja liyenera kucikonza dala.

NCHITO YOTHANDIZA WINA

Pakati pa 1954 ndi 1956 ofufuza otsogozedwa ndi John ndi Beatrice Whiting a ku Harvard anakhala m'midzi ya m'madera 6, ndiwo Kenya, Mexico, Philippines, India, Okinawa ndi America, nayang'anira macitidwe a ana 134 a zaka 3 kufikira 11. Zotsatira zace zinaturuka m'buku la 1975 lochedwa Children of Six Cultures. Ana amene anapambana pa kuthandiza ndi kutonthoza anzao anali a ku Kenya, Mexico ndi Philippines. Cifukwa cace sicinali cuma kapena maphunziro. M'midzi imeneyo amai anali ndi nchito yambiri, ndipo anali kupatsa ana nchito zofunika adakali ang'ono: kulera khanda, kutunga madzi, kutola nkhuni, kuweta ziweto. Mwana anali kuona yekha kuti akacita ulesi khanda lilira ndipo banja ligona osadya. Ana a ku America, amene nchito yao inali monga kukonza cipinda cao comwe, anali kufuna koposa kuti anthu aziwasamala iwo.

Pamenepa pali kusiyana kumene makolo ayenera kukugwira. Iripo nchito yodzithandiza, monga kucapa yunifolomu yace ndi kuyalula mphasa yace; imeneyi imaphunzitsa ukhondo. Iriponso nchito yothandiza wina, monga kusambitsa mng'ono wace kapena kutungira madzi nkhalamba. Imeneyi ndiyo imaphunzitsa cifundo, pakuti mwana sangaigwire bwino osayang'ana nkhope ya munthu amene akumthandizayo.

Ndipo nchito yotere si ya atsikana okha. M'caka ca 1973 Carol Ember anafalitsa zimene anapeza pakati pa Aluo a ku Kenya, kumene mabanja opanda mtsikana wamkulu anali kupatsa anyamata nchito za pa khomo. Anyamata amenewo anapezeka osakonda ndeu ndi kupondereza anzao monga anyamata ena. Bambo amene amakalipa poona mwana wace wamwamuna atabereka khanda akumlanda phunziro limene lidzamthandiza pa ukwati wace.

Ku Canada, kumene mabanja ali ndi ana owerengeka, Mary Gordon anayambitsa ku Toronto m'caka ca 1996 nchito yochedwa Roots of Empathy. Kholo limabwera ndi khanda lace m'kalasi kasanu ndi kanai pa caka, ndipo ana amakhala mozungulira nafunsidwa kuti khandalo likumva ciani, ndipo adziwa bwanji. Cimene anthu a kumeneko amacita kuitanira ku sukulu, mabanja a kuno ali naco pa mphasa m'nyumba mwao. Cosowa ndi funso lokhalo: "Mwanayu akulira ciani? Waona bwanji?"

NJIRA ZISANU NDI IMODZI

Coyamba, mwana apite nao. Mabanja ambiri amacita zacifundo, koma amazicita ana ali ku sukulu kapena atagona. Mai akamapita kukazonda wodwala, atenge mwana namsenzetse kambale ka phala. Bambo akamapita kukafolera denga la mai wamasiye mvula isanagwe, mwana amtolere udzu ndi luzi. Pa mudzi pakagwa maliro, mwana atoleko nkhuni zimene amace adzapita nazo ku siwa. Mwana akhale ndi gawo lace lenileni, laling'ono molingana ndi msinkhu wace, koma loti likapanda kucitika cinthu cisowa. Ndiponso kuli bwino kuthandiza nyumba imodzi kawirikawiri koposa nyumba khumi kamodzi, pakuti mwana wopita kwa nkhalamba yomweyo Loweruka liri lonse amayamba kuidziwa, naona yekha tsiku limene yafooka.

Caciwiri, wamkulu afotokoze. Maso a mwana amaona zambiri, koma sadziwa tanthauzo lace. Pobwerera ku nyumba mai angathe kufunsa kuti, "Unaona m'mene agogo ako anagwirira cikho? Manja ao akunjenjemera, ncifukwa cace madzi sitidzaza." Mau otere amatsegula maso. M'caka ca 1979 Carolyn Zahn-Waxler ndi anzace ku America anafalitsa zimene anapeza m'mabanja 16, m'mene amai analemba macitidwe a ana ao kwa miyezi 9. Ana amene anali kuthandiza ndi kutonthoza ena koposa anali a amai amene, mwana akapweteka mnzace, anali kumuuza mwamphamvu ndi mokhudzika mtima cimene wacita kwa mnzaceyo. Kungoletsa popanda cifukwa sikunabale zipatso zotere. Mwana womenyedwa cifukwa ca kumenya mnzace amaganiza za ululu wace womwe ndi za m'mene adzabisalire mawa. Koma wouzidwa kuti, "Taona, mnzako akulira cifukwa wamkankha, bondo lace likucha magazi, katenge madzi umtsuke," maso ace amatembenukira kwa wopwetekayo. Nthano za madzulo zingathandizenso pamenepa, pakuti zambiri zimanena za mwana wamasiye wozunzidwa, ndipo wokamba angathe kuima pakati nafunsa ana kuti mwanayo anamva bwanji.

Cacitatu, citsanzo cimaposa mau. Ku Britain m'caka ca 1975 ana 140 a zaka 7 kufikira 11 anacita masewera opata timakobiri tosinthanitsa ndi mphatso, ndipo panali poponyapo za mwana wosauka. Asanayambe, anaona munthu wamkulu akusewera. Pamaso pa ena wamkuluyo anapereka, pamaso pa ena anaumira. Kwa ena ananena mau oyamika kupatsa, kwa ena oyamika kudzisungira. Anawo anatsata cimene iye anacita koposa cimene ananena, ndipo atayesedwanso patapita miyezi iwiri mphamvu ya citsanzoco inali ikadalipo. Makolo akumbukire tsono kuti mwana amamva mau amene amace amalankhula kwa mtsikana wa nchito, amaona ngati mwana wamasiye wa m'nyumbamo amadya mbale imodzi ndi ana a eni nyumba kapena amadikira makombo, ndipo amamva zimene zimanenedwa mlendo atangocoka. Nyumba imene imapereka ufa pa khomo nkumanyoza wolandirayo kuseri ikuphunzitsa cinyengo.

Cacinai, cifundo cisalipidwe. Makolo ena, pofuna kulimbikitsa mwana, amampatsa ndarama kapena switi akathandiza munthu. Warneken ndi Tomasello anayesanso zimenezi m'caka ca 2008 pa ana a miyezi 20. Ena anapatsidwa mphotho akathandiza, ena anangoyamikidwa ndi mau, ena sanalandire kanthu. Pambuyo pace, mphotho italeka, ana ozolowera kulandira anacepetsa kuthandiza, pamene enawo anapitiriza. Mphotho imasandutsa cifundo kukhala ganyu, ndipo waganyu sagwira nchito popanda malipiro. Cimene mwana ayenera kulandira ndi kuona cipatso ca nchito yace: "Wamva m'mene agogo anasekera? Lero agona m'nyumba yofunda cifukwa ca nkhuni zako zija."

Cacisanu, mwana aphunzire kusunga ulemu wa wolandira. Kupatsa kwina kumapweteka koposa kumana. Banja likapereka yunifolomu yocepa kwa mwana wa nyumba ina, mwana wa woperekayo auzidwe momveka kuti nkhaniyo isafike ku sukulu, pakuti mau akuti "wabvala malaya anga" angathe kumletsa mnzaceyo kubweranso m'kalasi. Momwemonso si bwino kujambula osauka pa foni polandira thandizo ndi kutumiza zithunzi zao kwa anthu. Mwana woona zimenezi amaphunzira kuti wosauka ndi cinthu codzichukitsira naco. Aphunzitsidwe kupereka ndi manja awiri monga momwe amalandirira, kupereka moni woyenera, ndi kukhala pansi kuceza pang'ono, pakuti nkhalamba zambiri zimasowa woceza nazo koposa ndiwo. Aonenso kuti wothandizidwayo ali ndi zace zopatsa, monga nthano, nzeru ya kuluka mphasa, kapena mtedza wa m'manja, ndipo azilandire ndi kuthokoza.

Cacisanu ndi cimodzi, cifundo cifike kwa amene sangabweze. Miyambi ya makolo imati kupatsa nkuika, ndiponso mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Mau amenewa ndi oona, ndipo ndiwo amanga midzi. Koma mwana akaima pamenepo pokha, adzathandiza okhao amene ali ndi madzi ozimira ndebvu zace, ndipo njala ya 1949 yasonyeza kale amene amatsala kunja pa kuwerengera kotere. Cifukwa cace pakati pa nyumba zimene banja limathandiza pakhale imodzi imene si ya mbale, si ya mpingo umodzi, si ya mtundu umodzi, ndiponso imene palibe ciyembekezo cakuti idzabweza. Makamaka nkhalamba zokhala zokha, zimene anthu amafulumira kuzinena ufiti, ziyenera kuonedwa ndi ana monga anthu odwala msana ndi osowa nkhuni. Mwana amene wakhala akutungira madzi mai wokalamba sadzatola mwala tsiku limene khamu likumthamangitsa.

MACENJEZO

Pali zinthu zitatu zimene ziyenera kusamalidwa, kuti cabwino cisasanduke coipa. Nchito yothandiza isalande sukulu: mtsikana amene amajomba masiku ambiri kuti alere khanda kapena kudwazika matenda sakuphunzira cifundo, koma akulandidwa tsogolo lace, ndipo kawirikawiri amakula ndi mtima wowawa. Katundu akhale wolingana ndi msinkhu: mwana wa zaka 7 angathe kunyamula kacigubu, koma sangasenze cisoni conse ca nyumba imene muli matenda akayakaya, ndipo akaoneka wamantha kapena wosagona usiku, wamkulu akhale naye pansi namtonthoze. Potsiriza, mwana asatumidwe yekha ku nyumba ya munthu wosadziwika bwino, kapena kumene kuli matenda opatsirana monga kolera ndi cifuwa cacikuru. Zacifundo za banja zicitike wamkulu alipo.

TSIKU LA KUYESEDWA

Wina angafunse ngati kambale ka phala ndi kamtolo ka nkhuni ziri ndi kanthu pa mabvuto akuru a dziko. Yankho linaoneka m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe wochedwa Freddy anakantha cigawo ca kumwera. Matope ocokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo opitirira theka la miliyoni anasowa pokhala. Sukulu zambiri zinasanduka misasa. Thandizo la boma ndi la maiko ena lisanafike, oyamba kufukula anzao m'matope, kuwatsegulira zitseko ndi kuwagawira zopfunda anali anansi ao. Anthu amenewo sanaphunzire zimenezo tsiku lomwelo. Mitima yao inakonzedwa kale, pa makomo a makolo ao.

Ngakhale m'masiku a mtendere citsanzo ciri pafupi. Nchito ya Mary's Meals, imene inayamba m'dziko lino m'caka ca 2002 ndi ana 200, imadalira anthu a m'midzi, makamaka amai, amene amalawira m'mamawa kukaphika phala la ana a sukulu popanda malipiro. Ana ambiri amalandira phalalo osadziwa kuti wina anadzuka kusanace cifukwa ca iwo. Kholo limene lingauze mwana wace zimenezi, ndi kumtuma kuti mawa akathokoze wophikayo pomchula dzina, lamphunzitsa kuona munthu kuseri kwa cikho.

ZOPEMPHA KWA MAMEMBALA

Msonkhano uno ukupemphedwa kulingalira zinthu zinai zimene sizifuna ndarama ya m'thumba la Bungwe. Banja liri lonse lisankhe nyumba imodzi ya wokalamba, wodwala kapena wolumala imene lidzayendera kamodzi pa sabata pamodzi ndi ana, kufikira msonkhano wa caka ca mawa. Pa cakudya ca madzulo, pofunsa mwana za sukulu, makolo asafunse za mayeso zokha, koma afunsenso kuti ndani sanabwere lero, ndani anakhala yekha pa nthawi yopuma, ndipo ndani analibe codya. Nchito zosamala ena zigawidwe mofanana kwa anyamata ndi atsikana. Ndipo mamembala amene ali m'makomiti a sukulu akambirane ndi aphunzitsi za ana amene akusekedwa, kuti khomo ndi kalasi zilankhule mau amodzi.

Zipatso za nchito imeneyi sizidzaoneka m'lipoti la caka ca mawa, pakuti sizilembedwa m'mabuku a msungi wa cuma. Koma ana amene ali mu Sitandade 1 lero ndiwo adzakhala anamwino, apolisi, akalaliki a m'maofesi ndi mafumu a m'midzi, ndipo odwala, amasiye ndi okalamba a nthawi imeneyo, pamodzi ndi ambiri a okhala muno, adzaima pamaso pao kufuna thandizo. M'mene adzalandiridwire zikukonzedwa tsopano, pa khomo liri lonse limene mai akunyamuka ndi mbale kunka kwa wodwala, nasankha kumsiya mwana kapena kumuitana kuti apite nao.